Makalata a Elisa, Dzanja la Xavier

Januário anabadwira ku Msumba, m'nyumba yachitatu kuchokera pa tchalitchi, ndipo anaphunzira pa sukulu ya mishoni mpaka kumaliza kwarta kalasi, kalasi yachinayi. Sanali munthu woipa, komanso sanali munthu woti n'kumupekera nyimbo. Anali wamfupi, wouma thupi, wosunga nthawi, ndipo pa zaka zonse za sukulu anali wachiwiri. Woyamba anali Xavier.

Xavier anali ndi dzanja. Akalemba pa bolodi, aphunzitsi ankachita manyazi kufufuta. Ndiye ankasankhidwa kuwerenga mawu m'tchalitchi pa masiku aakulu, ndipo azimayi ankatuluka akunena za liwu lake osati za ulaliki. Januário ankakhala pa benchi lachiwiri n'kumawerenga pamene Xavier walumpha mpumiro. Tsiku lina anapeza malo anayi. Anauza amayi ake, iwo n'kumuyankha kuti, “Nanga iwe unapita kukapemphera kapena kukasaka?”

Chinthu chimodzi chokha ndiye Januário ankamuposa Xavier. Mphunzitsi wawo wokalamba anali ndi kaphunzitsidwe kake kamene ankakatcha kupeta. Ankati cholembedwa chilichonse, kaya kalata, kaya nkhani ya m'buku, kaya chikalata cha boma, chili ngati mpunga wongopuntha kumene. Uyambe wafunsa kuti, wolembayu akufuna chiyani kwa ine? Kenako ufunse kuti, umboni wa zimene akunenazo uli pamzere uti? Mizere ya umboni uidule mzere kunsi. Yotsalayo ndi mankhusu, uikhwatche. Januário anagwira zimenezi ngati Atate Wathu. Atakhala mphunzitsi m'kamudzi ka kumwera kwa Cobue, anaphunzitsa ana kupeta asanadziwe n'komwe kulemba bwino mayina awo. Lapisi wake wofiira ankakhala kukhutu, ndipo anthu ankati apurofesori amapeta ngakhale moni.

Anakwatira mochedwa. Elisa anali mwana wa msodzi, sanapite kusukulu, ndipo sankalankhula zambiri. Akafuna kunena kuti wakondwa, ankangowonjezera nsomba m'mbale. Mwana wawo woyamba, Carolina, anabadwa mu Epulo wa 1987. Atatha masabata atatu, anthu a mfuti anatsika m'mapiri, n'kutentha midzi iwiri ya kumtunda, ndipo utsi wake unaoneka m'nyanja monse. Sabata isanathe, azimayi ambiri a m'mudzimo anawoloka kupita ku Likoma, chilumba chimene chimaonekera pakhomo penipeni kukakhala kopanda nkhungu. Elisa anapita nawo, khanda lili kumsana.

Januário anatsala. Kwa ofunsa ankayankha kuti mphunzitsi wothawa amalembedwa kuti wasiya ntchito, ndipo zimenezo zinali zoona. Koma panalinso china. Xavier anali atawoloka chaka chapitacho, ndipo Januário anali atanena pagulu, kangapo konse, kuti woyamba m'kalasi ndiyenso woyamba kuthawa. Munthu wonena zotero sakwera ngalawa anthu akuona.

Kalata yoyamba inabwera ndi Abeid, mwini ngalawa ya thanga imene inkawolotsa anthu ndi ufa. Januário asanaitsegule n'komwe, anaona dzina lake pa envelopu. J wake anali wopindika mchira ngati wa tambala. M'dziko lonse la m'mbali mwa nyanja munali munthu mmodzi yekha wolemba J wotero.

“Walemba ndani?” anafunsa, ngakhale ankadziwa.

“A Xavier, nanga ndani,” anatero Abeid akukulunga chingwe. “Amakhala pansi pa mlambe ndi kabokosi pamwendo. Azimayi onse a kwathu kuno amafola pamenepo. Munthu uja ndi dalitso, apurofesori. Mkazi wake anamwalira, koma saonetsa chisoni, amangoseketsa anthu.”

Januário anakakhala pa khonde la sukulu n'kuwerenga. Kalatayo inayamba ndi mawu akuti “Wokondedwa mwamuna wanga.” Pa zaka zinayi za ukwati Elisa anali asananenepo mawu amenewo. Anachotsa lapisi kukhutu.

Makalata anabwera asanu pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo onse anawapeta. Funso loyamba silinamuvute. Wolemba akufuna chiyani? Akufuna kuti ine ndikhale kuno. Umboni unali poyera, pakuti kalata iliyonse inali ndi mzere wakuti, “Musabwere kuno panopa.” Anaudula mizere iwiri kunsi. M'kalata yachiwiri munali mawu akuti, “A Xavier atithandiza kupeza pogona.” Anadula. M'yachitatu Elisa anatchula chitenje chatsopano, osanena amene wamupatsa. Anadula, n'kulemba pambali kuti, “Kuchokera kwa yani?” Zotsalazo zinali za kukhitchini, za mwana, za ndiwo, zobwerezabwereza ngati nyimbo ya pamtondo. Anazikhwatcha.

Mayankho ake ankawalemba ngati mayeso. Funso loyamba: mukugona m'nyumba ya yani? Funso lachiwiri: chitenje chija anakupatsani ndani? Funso lachitatu: kodi ku Likoma konse kulibe wina wodziwa kulemba? Ankadziwa kuti wowerengera Elisa mafunso amenewa ndi Xavier yemweyo, ndipo zimenezi zinkamukoma pang'ono, ngati kukanda chilonda. Koma mayankho sankabwera mwa manambala. Za chitenje Elisa anangoti n'cha ku tchalitchi. Mbali ya zakukhitchini ndiyo inkangotalika, kalata ndi kalata.

Masana akaweruka, Januário ankayang'ana chilumbacho. Ankaona m'maganizo mwake mlambe, kabokosi, ndi Elisa atakhala pamchenga, akulankhula. Chimene chinkamuwawa kwambiri chinali chimenecho: akulankhula. Mkazi amene kunyumba ankatha tsiku ndi mawu khumi, uko ankadzaza masamba awiri, ndipo woyamba kuwamva anali Xavier. Iye ankalandira zotsala, zitadutsa kale m'khutu ndi m'dzanja la mwamuna wina.

Mu Okutobala analemba kalata yothetsa ukwati. Inali yaifupi, yokonzedwa bwino, mfundo zinayi ndi umboni wake. Koma ukwati sutha ndi pepala. Anayenera kukaonana ndi ankhoswe, ndipo nkhoswe ya kuchikazi anali a Samsoni, atsibweni ake a Elisa, msodzi wokalamba amene anakana kuthawa chifukwa, m'mawu awo, zipolopolo zimasankha anthu a mano.

Anawapeza m'mawa pafupi ndi thandala la usipa, akusoka ukonde, chala chachikulu cha kuphazi chitakoka ulusi.

“Apurofesori! Lero sukulu yapsa?”

“Ayi, atsibweni. Ndabwera ndi nkhani.”

“Nkhani yobwera ndi mapepala siikhala yabwino. Khalani pa bwatopo.”

Januário anafotokoza mwadongosolo. Kenako anatulutsa makalata asanu aja n'kuwerenga mizere yonse yodulidwa kunsi, kuyambira kalata yoyamba mpaka yomaliza. A Samsoni anamvetsera osasiya kusoka.

“Mwatha?”

“Ndatha.”

“Ine kuwerenga sindidziwa, koma maso ndili nawo. Mapepala adzaza mbali zonse, inu mwawerenga mawu osakwana dzanja limodzi. Enawo adyedwa ndi chiswe?”

“Enawo ndi mankhusu, atsibweni. Sakukhudza nkhaniyi.”

“Werengani mankhusuwo. Nkhuku zanga zimanenepa ndi mankhusu.”

Januário anapumira m'mwamba. Anatenga kalata yoyamba, n'kuwerenga kudutsa m'mizere yake yofiira, mothamanga, ndi liwu la munthu wowerenga mndandanda wa mayina. “Tikukhala azimayi asanu ndi awiri, tikuphika mphika umodzi. Mchere ndikuthira ndine. Mwana akuyamwa bwino.”

“Inayo.”

“Mchere ndikuthirabe ndine, anzanga onse anagwirizana kuti ndizithira ine. Mwana wanenepa, masaya ali bwino, mapazi ali bwino.”

Singano ya a Samsoni inaima.

“Pitirizani.”

Yachitatu inanena zomwezo, n'kuwonjezera kuti ana a anzake onse akudya ndiwo zothira iye ndipo palibe watupa. Yachinayi, imene inayankha mayeso aja, inatchula mchere katatu. Yachisanu inati, “Carolina wayamba phala. Ndikuphika ndekha, mchere ndikuthira ndi dzanja langa, aliyense akuona. Mwana ali bwino, ndiye ndadziwa kuti inunso kumeneko muli bwino. Zikomo, bambo a Carolina.” Pambali pa mzere umenewu Januário anali atalemba ndi lapisi kuti, “Sizikugwirizana. Thanzi la mwana ku Likoma silingasonyeze za munthu ali kutsidya.”

A Samsoni anaika ukonde pansi, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

“Mkamwini, mwana uja munamutenga?”

Januário ankadziwa mwambo wa kutenga mwana monga aliyense wobadwira m'mbali mwa nyanja. Khanda likabadwa, bambo ndi mayi amagona kosiyana mpaka tsiku limene adzakumanenso pamphasa ndi kulilandira khandalo pakati pawo. Tsikulo lisanafike, mwana amakhala wozizira, ndipo anthu amati kholo lililonse likagona ndi wina, mwanayo amadwala tsempho: amatupa mapazi ndi masaya, n'kufota. Amatinso mkazi amene wayenda njira zotero akathira mchere m'ndiwo, amadula odya. Januário anali ataziika zonsezi m'gulu la zinthu zimene munthu wa ku mishoni amasiyira azakhali.

“Nkhondo inatipeza tisanatero,” anayankha. “Komanso ine zimenezo...”

“Inu zimenezo ayi, tikudziwa. Inu ndi a buku. Koma mwafunsa mkazi wanu funso, kasanu. Mumafuna ayankhe bwanji? Akhale pansi pa mlambe, pamaso pa mwamuna amene si wake, anthu ali pamzere kumbuyo, anene kuti lembani kuti sindinagone ndi munthu? Mwana wa mlongo wanga? Wakuyankhani m'njira imene mkazi wolemekezeka angayankhire. Kasanu. Inu mwakhwatcha kasanu.”

“Atsibweni, mchere sudula munthu. Umenewo si umboni.”

“Kaya umadula kaya sudula, zimenezo mukakambirane ndi abusa. Ine ndikufunsa izi: Elisa amakhulupirira kapena sakhulupirira?”

“Amakhulupirira.”

“Nanga azimayi asanu ndi mmodzi enawo?”

“Amakhulupirira.”

“Ndiye mukuganiza kuti azimayi amenewo, ogona naye chipinda chimodzi, odziwa nthawi imene watuluka ndi imene walowa, angamupatse mchere kuti athire mumphika wodyera ana awo akanakhala ndi kachikayiko ngakhale kang'ono ngati usipa? Mboni zisanu ndi imodzi, mkamwini. Ku khoti la Mputukezi ankafuna ziwiri zokha.”

Mphepo inatembenuza kalata imodzi pamchenga, Januário n'kuiponda ndi phazi. Mutu wake, umene unazolowera kufunafuna pobowoka, unapezabe pena.

“Akhoza kunama. Pepala limalola chilichonse.”

“Akhoza. Mapazi a mwana ndiwo sanama. Ngalawa ya Abeid inyamuka mawa.” A Samsoni anatambasula dzanja. “Kalata yanu ya mfundo zinayi ija bweretsani kuno. Ikhala kwa ine. Mukabwerako muli nayobe njala, mudzaitenga, tidzaitana ankhoswe a kwanu. Koma ndikuuzeni chimene chandinyansa. Mwana wa mlongo wangayo wakuthokozani. Waona khanda lili bwino, n'kunena kuti mwamuna wanga akudzisunga. Sanakufunseni funso loyamba, funso lachiwiri. Inu mwamubwezera chiyani?”

Januário anapereka kalatayo.

Anawoloka tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu, atakhala pa thumba la chinangwa. Abeid sanamufunse kanthu, koma anaimba mluzu ulendo wonse, ndipo Januário anazindikira kuti nkhani yake inali itawoloka kale iye asanakwere.

Pogona pa azimayi aja panali khitchini ya munthu wina, yofolera udzu, kuseri kwa nyumba ya miyala. Mphasa zinali zitakulungidwa n'kuimikidwa pakona. Elisa anali panja akusankha nyemba, mwana atakhala pansalu pambali pake. Ataona mwamuna wake, anaimirira n'kupukuta manja m'chitenje. Apa Januário analakwanso, ndipo kulakwa kumeneku anakukumbukira mpaka ukalamba. Asanayang'ane nkhope ya mkazi wake, maso ake anatsikira kwa mwana, ku mapazi.

Anali mapazi abwinobwino, onenepa, a dothi kuzidendene.

Elisa anaona kumene maso apita. Anakhalanso pansi n'kutenga lichero lake.

“Mwafika, bambo a Carolina.”

“Ndafika.”

“Munyamuleni muone bwino. Mutembenuzeni ndi kumsana komwe. Mwina mwaiwala lapisi.”

Azimayi awiri amene anali pakhomo la khitchini analowa m'kati, koma osapita patali.

“Elisa, ine ndinaona kuti mukundiletsa kubwera.”

“Mukanagona pati? Lowani muone. Tikagona, wina akafuna kutembenuka timatembenuka tonse. Ndikanati bwerani, mphunzitsi wathunthu, mudzagone pamchenga ngati ng'ona?”

“Mukanalemba choncho.”

“Ndikanauza a Xavier kuti alembe za pogona pa ine ndi inu?” Anataya kanyemba kofumbwa. “Mafunso anu aja ankawerenga motsitsa mawu kuti a pamzere asamve. Funso lachitatu analidumpha. Ndinachita kuwakakamiza, chifukwa ndinaona kuti pepala latsala.”

Ngakhale pamene Januário ankamunyoza, Xavier anali atamuchitira ulemu.

Januário anakamupeza madzulo asanafike, pansi pa mlambe uja. Xavier anali atakalamba kuposa zaka zake. Malaya anali ong'ambika paphewa, ndipo dzino limodzi la kutsogolo linali litachoka. Januário anaona zimenezi ndipo anakondwa, kenako anachita manyazi ndi kukondwako, koma sikunachoke.

“Januário! Wachiwiri wanga!” Xavier anaimirira n'kumugwira manja onse awiri. “Wabwera kudzandikonza mipumiro?”

“Ndabwera kudzaona banja langa.”

“Wachita bwino. Mkazi uja ndi golide, iwe.”

“Mawu akuti wokondedwa aja,” anatero Januário, “ananena ndi iye?”

Xavier anaseka mpaka kutsokomola. “Amenewo ndi anga. Ndimaika pa kalata ya aliyense, ngakhale yopita kwa apongozi. Zina zonse ndi zake, sindinasinthe ngakhale liwu limodzi.”

“Ndi za mchere zomwe?”

“Makamaka zimenezo. Tsiku loyamba lomwe atangoti mchere ndikuthira ndine, ndinadziwa kuti apa ndiye pamene pali kalata, zinazi n'zokutira. Ndinalemba mzere umenewo mokulitsa pang'ono kuti usakuphonye. Sunaone?”

Januário anali ataona. Anali ataganiza kuti inki inachuluka pa peni.

Anakhala ku Likoma masiku anayi, akugona pakhonde la katekisiti wina. Elisa sanamukalipire, komanso sanamuwonjezere nsomba m'mbale. Tsiku lachitatu anatuma mayi wamkulu wa m'khitchinimo kudzanena mawu ake: kubwerera kumudzi sabwerera mpaka mfuti zitaleka, ndipo ngati apurofesori akufunabe banja, mwana atengedwe monga mwa mwambo apurofesoriwo asanawoloke, pakuti iye watopa kukhala ndi mantha a anthu awiri. Mayiyo anati nyumba yobwereka ipezeka. Januário, amene kwa zaka makumi awiri ankauza ana a sukulu kuti zoterezi n'zamdima, anavomera osatsutsa ngakhale mfundo imodzi. Atakumana ndi Elisa, anapempha chinthu chimodzi chokha: makalata azilembedwa ndi munthu wina.

Elisa anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni pakamwa pake panaoneka ngati pakufuna kuseka.

“Alipo Amélia. Analekeza kalasi yachiwiri.”

“Yemweyo.”

Atabwerera kutsidya, sanapite kukatenga pepala lake kwa a Samsoni, ndipo iwo sanalitchulenso. Nsanje yake pa Xavier ndiyo sinathe. Inangosintha malo. Sanamuganizirenso za mkazi, koma mpaka tsitsi lake litayera, munthu akatchula dzina la Xavier, Januário ankati, “Dzanja lokha, m'mutu mulibe,” n'kukhala chete nthawi yaitali, ngati munthu amene akudziwa kuti wanama. Nkhondo itatha mu 1992, Elisa anabwerera, ndipo anabereka ana ena atatu.

Koma tibwerere ku Novembala wa chaka chija. Abeid anabweretsa envelopu yolembedwa ndi zilembo zogwa uku ndi uku ngati mpanda wa chaka chatha. Inali yonenepa, masamba anayi. Januário anakhala pa khonde la sukulu, mtima uli m'malo, poti tsopano pakati pa iye ndi mkazi wake panalibenso mwamuna. Sanaganize kuti mwamunayo ndi amene ankachititsa Elisa kusankha mawu. Mzere woyamba unati:

“Bambo a Carolina, lero akulemba ndi mkazi mnzanga ndipo pano tili awiriwiri, ndiye ngati mwaimirira khalani pansi, ndikuuzeni zimene ndakhala ndikusunga chikwatirane.”

Anawerenga masamba onse anayi, kenako anayambiranso. Ana a sukulu anadikira pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa litawapeza, n'kubwerera kwawo. Zimene zinali m'kalatamo sanauze munthu aliyense.